Nyumba Yopanda Nambala

Amandiitana usiku, magetsi a ku Kawale atazima.
Galimoto imaima patali ndi geti langa.
Ndimanyamula chikwama cha mankhwala
n'kuuza mkazi wanga kuti kwagwa matenda.
Si bodza kwenikweni.

Nyumbayo ili kuseri kwa mpanda cha ku Eriya 43,
maluwa ofiira akulendewera pakhoma,
mlonda akumvera mpira pa wayilesi.
Oyandikana nayo amati ndi ofesi ya ogula mbewu.
Chipinda chakumbuyo chilibe zenera.
Muli ndowa, mpando,
ndi paipi yodulidwa bwino, yotalika ngati mkono wanga.

Ntchito yanga ndi yochepa:
kugwira dzanja la munthu, kuwerenga kugunda kwa mtima,
n'kuyankha funso limodzi la a Kalimanjira:
"Dokotala, angapirirenso?"

Dzina lake ndi Anafi, koma m'buku mulibe.
Amakonza mafoni pa Malangalanga,
zala zake zili ndi zipsera za kachitsulo kowotcherera waya.
Akuti m'foni ina munapezeka mauthenga a zigawenga,
mapu a depoti, tsiku ndi ola.
Iye akuti foniyo anasiya ndi kasitomala
amene sanabwerenso kudzalipira.

A Kalimanjira si chilombo ayi.
Amandithirira tiyi, amafunsa za shuga wa mayi anga.
"Lachisanu depoti imadzaza," anatero,
"amayi a tomato, ana a yunifolomu.
Tiyamike wanu sakwerera pomwepo minibasi?
Msana umodzi kapena maliro zana, sankhani."
Ndinasankha.
Ndinati angapirire.

Usiku wachinayi anatsegula pakamwa.
Mayina anatuluka ngati ngumbi mvula itakata:
telala wa ku Biwi, mnzake wosewera naye bawo,
ndi malume ake, amene tinadzamva pambuyo pake
kuti anaikidwa m'manda zaka zisanu zapitazo.
Akanadziwa dzina langa, akananditchula nanenso.
M'mawa mwake telala uja anali pampando womwewo,
tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Lachisanu linadutsa. Depoti sinaphulike.
A Kalimanjira akuti ndi chifukwa cha ife.
Mwina.
Maliro amene sanachitike angawatsutse ndani,
nanga angawawerenge ndani?
Kukhoti woweruza akanafuna umboni,
loya akanafunsa tsiku ndi malo.
Kuno wofunsa ndi mmodzi, ndipo paipi ili m'manja mwake.
Galu wophunzitsidwa kuluma mumdima
sasankha mwendo.

Ku koleji ndinakweza dzanja ili
kulumbira kuti sindidzavulaza munthu.
Ndipo sindinamenyepo aliyense.
Ndimangotsuka mabala, kusoka pong'ambika,
kum'bweza munthu pakhomo la imfa
kuti mawa amupeze ali moyo.

Dzulo ku Sentolo, pafupi ndi mochale,
mayi wina anandiimika,
chithunzi atachikulunga m'jumbo kuopa mvula.
Wapita ku Maula, wazungulira mapolisi onse,
nsapato zatha chidendene,
konseko akuti munthu wotere sanalembedwe.
"Adokotala, ndi mlongo wanga,
ali ndi mpata m'mano, amadwala mphumu."
Mphumuyo ndikuidziwa.
Ndaimvetsera ndi makutu angawa, ikulira ngati chitseko chadzimbiri.
Ndinayang'ana chithunzicho kwa nthawi,
monga munthu woyesetsa kukumbukira,
kenako ndinapukusa mutu.
Anandithokoza.
Anapinda bondo, n'kuwomba m'manja pang'ono.

Usiku uno foni ikunjenjemera patebulo.
Tiyamike akulemba masamu pa kandulo,
wamoyo, miyendo yonse iwiri ili pansi pa mpando.
Sindidziwa ngati ndinamugula ndi msana wa Anafi,
kapena ndinalipira chinthu chimene palibe amafuna kundilanda.
"Ababa, simuyankha?"

Zala ziwiri ndaika pamtsempha wa dzanja langa.
Ndikuwerenga.
Panja, patali ndi geti, injini sinazime.